Kodi Mariano Rivera anafulumira kupuma?

Kambalame
Moni nonse akuluakulu. Ine baseball ndayamba kuitsatira posachedwapa, ndipo sabata yathayi ndinaonera kanema wa masewero omaliza a Mariano Rivera, woponya mpira wa timu ya New York Yankees, amene anachitika pa 26 Seputembala 2013 ku Yankee Stadium. Anzake awiri, Derek Jeter ndi Andy Pettitte, ndi amene anapita kukamutenga pakati pa bwalo, iye n'kugwera paphewa pa Pettitte misozi ili chuchuchu. Nditafufuza ndinapeza kuti chaka chomwecho anali ndi ma save 44 (masewero amene anapulumutsa) ndi ERA ya 2.11, kusonyeza kuti pa msinkhu wa zaka 43 anali adakali m'gulu la akatswiri pa ntchito yake. Ndiye funso langa n'lakuti, munthu amene dzanja lake likugwirabe ntchito chonchi amasiyiranji? Kodi sanafulumire? Chinanso chimene chikundizunguza mutu n'chakuti masewero amakhala ndi zigawo 9, koma iyeyu ankaponya chigawo chomaliza chokha. Ulemu wonsewu ukuchokera pati?

WakuBronx
A Kambalame, takulandirani. Funso lanu loyamba yankho lake lili mu 2012, osati mu 2013. Rivera anali ataganiza kale zoti 2012 ndiye chaka chake chomaliza, ngakhale sanalengeze. Kuyambira kalekale anali ndi chizolowezi chakuti masewero asanayambe, anzake akamayeserera kumenya, iye ankathamanga kumapeto kwa bwalo n'kumawakha mipira youluka, ndipo kumeneko kunali kulimbitsa thupi kwake. Pa 3 Meyi 2012 ku Kansas City akuchita zomwezo, phazi linaponda molakwika pafupi ndi mpanda, bondo lakumanja n'kupotoka, mtsempha n'kuduka. Tsoka silinunkha. Munthu amene kwa zaka zonsezo sankavulalavulala anachoka pabwalo atanyamulidwa pa kagalimoto, masewero asanayambe n'komwe.

Tsiku lotsatira anauza atolankhani kuti alembe m'zilembo zikuluzikulu kuti adzabwerera, chifukwa sangachoke mwa njira imeneyo. Choncho chaka cha 2013 chimene mukuchiona ngati umboni wakuti akanapitiriza, kwa iye chinali chaka choonjezera, chimene anachisewera pofuna kutuluka m'bwalo ndi miyendo yake. Analengeza pa 9 Malichi 2013, ligi isanayambe, kuti akamaliza chakacho apuma, ndipo ananena poyera kuti mphamvu zimene zatsala m'thupi n'zokwanira chaka chimodzi chokha. Anatchulanso za maulendo osatha ndi kukhala kutali ndi banja. Musaiwale kuti timu iliyonse imasewera masewero 162 pa miyezi 6, theka lake koyenda, ndipo woponya wa mtundu wake ayenera kukhala wokonzeka pafupifupi usiku uliwonse, chifukwa sadziwa tsiku limene afunike.

Ine ndakhala kuno ku New York kwa zaka zoposa 20, ndipo ndinamuona ndi maso kangapo. Chimene kanema sangakuonetseni ndi mmene bwalo linkasinthira chitseko cha bullpen, malo amene oponya olowa m'malo amadikirira, chikatseguka. Anthu amene anayamba kale kutolera zikwama kuti akathamangire sitima ankakhalanso pansi. Iye ankabwera akuthamanga pang'onopang'ono, mutu uli pansi, golovesi ili m'manja, osayang'ana munthu. Pambali panga tsiku lina panakhala mkulu wina wochemerera timu ya alendo, ndipo atangomuona anapinda kapepala kake kolembapo zigoli n'kukaika m'thumba, chigawo chomaliza chisanayambe.

Tsabola
Mkulu ameneyo anataya mtima msanga, a WakuBronx. Ife a Boston tikudziwa kuti Rivera ankagonjetseka, ndipo tidzafika pamenepo. Koma zakuti anasankha yekha tsiku lochoka, pamenepo sinditsutsa.

Chiwerengero
Ine nditenge funso lachiwiri, chifukwa a Kambalame afunsa chinthu chimene anthu ambiri amaopa kufunsa. Choyamba timvetsetse kuti save n'chiyani. Anaiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo inavomerezedwa ndi ligi mu 1969. Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi la 1975: woponya wolowa m'malo amapatsidwa save akamaliza masewero amene timu yake yapambana, ngati analowa timuyo ikutsogola ndi ma run (zigoli) osapitirira atatu n'kuponya chigawo chathunthu, kapena ngati analowa pamene womenya wofananitsa zigoli ali pafupi, kapena ngati anaponya zigawo zitatu zomaliza. Taonani mbali yoyambayo. Munthu akhoza kulowa timu yake ikutsogola 5-2, n'kulola ma run awiri, koma n'kulembedwabe kuti wapulumutsa masewero. N'chifukwa chake ine chiwerengero cha ma save 652 sichindigwetsa m'maso kwenikweni, ngakhale palibe wina amene anafikapo.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Pa zaka 19 Rivera anaponya zigawo zosakwana 1,300. Andy Pettitte, amene anasewera naye nthawi imodzi, anaponya zoposa 3,300. Goose Gossage, amene ankagwira ntchito yomweyi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ali ndi ma save 310 okha, koma kawirikawiri ankalowa m'chigawo cha 7 kapena cha 8 anthu ali kale pa ma base, n'kuponya mpaka pomaliza, ndipo iye mwini wakhala akudandaula poyera kuti ntchito ya masiku ano siingafanizidwe ndi ya nthawi yake. Kachitidwe kosungira katswiri chigawo chomaliza chokha kanafala cha m'ma 1988, pamene mphunzitsi Tony La Russa ankagwiritsa ntchito Dennis Eckersley ku Oakland. Rivera anapeza njira yolambulidwa kale.

Ndiye mu Januwale 2019 atolankhani onse 425 anamuvotera kuti alowe mu Hall of Fame, nyumba ya ulemu ya akatswiri a baseball, woyamba m'mbiri kupeza mavoti onse. Babe Ruth sanawapeze onse. Ken Griffey Jr. anaperewera atatu, Jeter anaperewera imodzi, Ichiro Suzuki nayenso imodzi. Sindikunena kuti Rivera sanayenere kulowa. Ndikunena kuti ulemu wa mavoti onsewo unayambira pa munthu wolakwika.

WakuBronx
Kulakwa kumeneko n'kwa amene anamana Griffey ndi Jeter mavoti, a Chiwerengero, osati kwa Rivera.

MwanaWaMsodzi
Musanapite patali ndi manambala, ndiloleni ndinene za kumene munthuyu anachokera, chifukwa ndikuona kuti kumafotokoza zambiri za kapumidwe kake. Anabadwa pa 29 Novembala 1969 ku Panama, n'kukulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi. Bambo ake anali woyendetsa boti la nsomba. Ali mwana ankasewera pamchenga, golovesi yake ili ya katoni, mpira uli wa zidutswa za ukonde zokulungidwa ndi tepi. Masewero amene ankawakonda kwambiri anali mpira wamiyendo, mpaka akakolo anayamba kumuvuta. Atasiya sukulu anakalowa m'boti la bambo ake, kumene ankakhala panyanja pafupifupi sabata yathunthu, ndipo mu 1988 anaona ndi maso ake chingwe cha botilo chikumenya m'bale wa bambo ake, amene pambuyo pake anamwalira ndi mabalawo.

Ine ndinakulira kunyanja ndipo ndinakokapo makoka usiku, choncho nkhani imeneyi imandilowa mumtima. Mwana amene waonapo chingwe chikupha munthu sangachite mantha ndi womenya mpira amene wanyamula ndodo. Yankees inamusainitsa mu Febuluwale 1990 ndi ndalama zosapitirira madola 3,000, ali ndi zaka 20, asakudziwa Chingerezi, asanakwerepo ndege. Sanabwere ngati katswiri woyembekezeredwa. Mu 1992 anachitidwa opaleshoni pa chigongono. Anayamba kusewera mu ligi yaikulu pa 23 Meyi 1995 ngati woponya woyamba masewero, ndipo California Angels inawakwapula 10-0. Chaka chimenecho ERA yake inali 5.51. Timu inatsala pang'ono kumugulitsa kawiri konse. Munthu wotere amadziwa kuti zonse zimene wapeza n'zobwereka, ndipo sindikudabwa kuti nthawi itakwana anabweza yekha popanda kulandidwa.

Kambalame
Zikomo a MwanaWaMsodzi. Koma tsono munthu wa ERA ya 5.51 anasanduka bwanji? Komanso ERA imeneyi ndimaimva pang'ono chabe.

WakuBronx
ERA ndi ma run amene woponya amalola pa zigawo 9 zilizonse, osawerengera amene abwera chifukwa cha kulakwitsa kwa anzake pabwalo. Ikachepa ndiye kuti munthuyo ndi wovuta. Ya Rivera pa moyo wake wonse ndi 2.21.

Kusanduka kwake kunachitika pawiri. Kumapeto kwa 1995, m'masewero a mpikisano wotsiriza olimbana ndi Seattle, anamuyesa ngati wolowa m'malo ndipo anaponya zigawo zoposa zisanu osalola run. Mu 1996 mphunzitsi Joe Torre anamuika kuti aziponya zigawo za 7 ndi 8 n'kusiyira John Wetteland chomaliza. Chaka chimenecho anatulutsa omenya 130 ndi ma strikeout pa zigawo 107 ndi pang'ono, timu n'kutenga World Series, chikho chachikulu cha ligiyo. Wetteland atapita ku Texas, mu 1997 udindo wa closer, woponya wotseka masewero, unagwera iye.

M'chaka chomwecho cha 1997 ndi mmene anatulukira cutter, kaponyedwe kake ka mpira wokhota. Ankangoponyerana mpira ndi mnzake wa ku Panama, Ramiro Mendoza, n'kuona kuti mpirawo ukukhota wokha ukatsala pang'ono kufika. Poyamba iye ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, anayesetsa kuti auwongole, koma zinakanika, ndipo kenaka anazindikira kuti chimene akufuna kuchotsacho ndiye chuma. Iye mwini ankati ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Kuchokera pa kachulu koponyerapo kufika pa womenya pali mamita 18 ndi theka. Mpirawo umabwera ngati wowongoka, womenya n'kuyamba kuzunguza ndodo, ndiye pa mamita omalizawo umatsetserekera m'manja mwa womenya wamanzere, n'kugunda ndodo pamalo powonda pafupi ndi chogwirira. Phokoso lake silinali la mpira womenyedwa bwino, linali ngati nkhuni youma ikuthyoka. Mu World Series ya 1999 anathyola ndodo zitatu za Ryan Klesko wa Atlanta pa ulendo umodzi wokha womenya. Aliyense ankadziwa chimene chikubwera, koma kwa zaka 16 palibe amene anachipezera mankhwala.

NaPhiri_Indiana
Ine ndikufuna kuyankha a Kambalame monga munthu wogwira ntchito ya unamwino, amene ndasamalirapo anthu ochitidwa opaleshoni ya bondo. Mtsempha umene unaduka uja umatchedwa ACL, ndipo ndi umene umagwira bondo kuti lisatereze munthu akaponda n'kutembenuka. Kwa woponya wamanja ngati Rivera, mwendo wakumanja ndi umene amakankhira thupi lonse poponya. Komanso opaleshoni yake inachedwa mpaka mwezi wa Juni chifukwa madokotala anapeza kuti magazi aundana m'mwendo, vuto limene limatha kupha munthu magaziwo akathamangira kumapapo.

Anthu amaona tsiku limene wosewera wabwerera, koma saona miyezi ya pakatipo. Wodwala amayamba ndi kuphunzira kupinda bondo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu chifukwa cha ululu, kenaka kuponda, kenaka kukwera sitepe imodzi. Ndaonapo anyamata a zaka 20 akulira pa bedi loyeserera. Iyeyu anachita zimenezi ali ndi zaka 42, akudziwa kuti phindu lake ndi chaka chimodzi chokha. Ndiye mukamati dzanja linkagwirabe ntchito, dziwani kuti manambala amaonetsa zimene dzanja lachita, koma sanena kuti thupi lalipira zingati kuti lifike pamenepo, ngakhalenso kuti m'mawa mwake munthuyo anadzuka bwanji.

Tsabola
Tsopano ndifike pamene ndinalonjeza. Tisamukweze ngati sanalephereko. Mu 1997 Sandy Alomar Jr. wa Cleveland anamumenya home run (mpira wotulutsidwa kunja kwa bwalo) yofananitsa zigoli, Yankees n'kutuluka mumpikisano tsiku lotsatira. Mu 2001, pa masewero a 7 a World Series ku Arizona, anafika m'chigawo chomaliza akutsogola 2-1, iye mwini n'kuponya mpira mophonya ku base yachiwiri, Tony Womack n'kufananitsa, Luis Gonzalez n'kumaliza nkhani ndi kampira kofooka kamene kanangodumpha osewera a kutsogolo. Chikho chachinayi chotsatizana chinathera pamenepo. Mu 2004 Yankees ikutsogola masewero atatu kwa duu, anapereka base yaulere kwa Kevin Millar, Dave Roberts n'kulowa m'malo mwake n'kuba base yachiwiri, Bill Mueller n'kumufikitsa kunyumba, pa base yomaliza, zigoli n'kufanana. Boston inapambana masewero anayi otsatizana, n'kukatenga chikho chimene inachidikira zaka 86. Zonsezi zinachitika mpira uli m'manja mwa Rivera.

Mphunzitsi_Wopuma
Zonse mwanenazi n'zoona, a Tsabola, koma mwatchula masewero atatu pa zaka 19, ndipo mukuwakumbukira bwino chonchi chifukwa anali osowa. Muonjezerenso kuti masiku ochepa masewero a 2004 aja asanayambe, iye anali ku Panama ku maliro a abale awiri a mkazi wake, amene anafa pangozi ya magetsi kunyumba kwake, ndipo anatsika ndege n'kukaponya tsiku lomwelo. Sanadzikhululukire nazo zimenezi.

Ine chimene ndimamulemekezera ndi chimene chinkachitika akagonja. Ntchito ya closer ndi yankhanza chifukwa akapambana anthu amati ndi mmene zimayenera kukhalira, koma akalephera ndiye kuti wataya thukuta la anzake onse la maola atatu. Ambiri ntchitoyi inawathyola. Mitch Williams atamenyedwa home run ndi Joe Carter mu 1993 sanabwererenso mwakale. Eric Gagné anapulumutsa masewero 84 otsatizana, koma patangopita zaka zochepa thupi linamukana. Rivera ankaima pamaso pa atolankhani, n'kuvomera kuti walakwitsa, mawa lake n'kulandiranso mpira. Mu Epulo 2005 ku Fenway Park, anthu anu a Boston anamuombera m'manja momunyogodola pokumbukira za 2004, iye anangoseka n'kuwavulira chipewa. Ine ndinaphunzitsa ana kwa zaka zambiri, ndipo chovuta kwambiri kuphunzitsa mwana sichinali masamu, koma kubweranso m'kalasi mutu uli m'mwamba atalephera mayeso pamaso pa anzake.

Tsabola
Za ku Fenway zija ndikuvomereza, aphunzitsi. Kuyambira tsiku limenelo ambiri a ife tinasiya kumuda, ngakhale sitinasiye kufuna kuti agonje.

Chiwerengero
Kuti ndichite chilungamo, pali manambala amene ine ndemwe amandisowetsa chonena. M'masewero a mpikisano wotsiriza, kumene kumakhala matimu amphamvu okhaokha, Rivera anaponya zigawo 141, n'kulola ma run 11 okha owerengedwa pa iye, ERA yake n'kukhala 0.70, ma save 42. Ndipo kumeneko Torre sankamusungira chigawo chimodzi ayi, kawirikawiri ankamulowetsa m'chigawo cha 8 kuti aponye ziwiri. Zikho zisanu, za 1996, 1998, 1999, 2000 ndi 2009, zonse anaikapo dzanja. Apa ndiye pamene mfundo ya Gossage imafooka.

Komabe dandaulo langa lenileni lili pa aphunzitsi amene anatengera kachitidweka popanda kuganiza. Taonani zimene zinachitika mu 2016. Zach Britton wa Baltimore anapulumutsa masewero onse 47 amene anapatsidwa, ERA yake ili 0.54. Pa masewero a wafawafa ku Toronto, zigoli zili zofanana mpaka chigawo cha 11, mphunzitsi Buck Showalter anamusunga podikira kuti timu itsogole kaye. Edwin Encarnación anamenya home run kwa woponya wina, chaka n'kuthera pomwepo, katswiri uja ali khale ku bullpen osaponya ngakhale mpira umodzi. Kupambana kwa Rivera kunachititsa anthu kukhulupirira kuti chigawo cha 9 n'chopatulika, pamene nthawi zambiri zinthu zimafika pa mwana wakana phala m'chigawo cha 7.

WakuJoni
Ndikupempha kuti tisaiwale kuti kapumidwe ka Rivera si kamene oponya olowa m'malo ambiri amakaona. Ife kuno timatsatira Tayler Scott, wobadwira ku Johannesburg, amene anafika mu ligi yaikulu mu 2019 ndi Seattle, patapita zaka ziwiri Gift Ngoepe atatsegula njira ku Pittsburgh. Scott amagwira ntchito ya mtundu womwewu, koma taonani ulendo wake: Seattle, Baltimore, kenaka Hiroshima ku Japan, kubwereranso ku America kudzera San Diego ndi matimu ena angapo, mpaka anadzapeza chaka chabwino ku Houston mu 2024. Umenewu ndiye moyo weniweni wa anthu a ku bullpen. Lero uli mu ligi yaikulu, mawa akutumiza ku timu ya m'munsi chifukwa akufuna dzanja lopumula, mkuja akuchotsa pa mndandanda.

Ambiri a iwo sapanga msonkhano wa atolankhani wolengeza kupuma. Nyengo yozizira imatha, foni osalira, basi ntchito yathera pomwepo. N'chifukwa chake amawerenga masiku ngati munthu wa ganyu: masiku 43 pa mndandanda wa ligi yaikulu amamuyenereza kuyamba kulandirako penshoni, ndipo zaka 10 ndiye zimapereka penshoni yonse, koma ofika pamenepo ndi ochepa. Rivera anasewera timu imodzi zaka 19, zaka zingapo akulandira madola 15 miliyoni pachaka. Iye anali ndi ufulu wofunsa ngati akufuna kupitiriza. Anzake ambiri funso limenelo amawayankhira ndi ena.

Kambalame
Mwanditsegula maso, a WakuJoni. Komabe ndibwerere pa funso langa, popeza ufulu anali nawo. Ma save 44 si ochepa. Akanasewera chaka china chimodzi, mwina akanafika pa 700. Ine mtima wanga ukukanabe.

Chiwerengero
Akanafunika ma save 48 kuti afike pa 700, ndipo pa moyo wake wonse anapitirira chiwerengero chimenecho kawiri kokha, mu 2001 ndi 2004. Komanso mukayang'anitsitsa 2013, zizindikiro zinalipo. Mu Ogasiti analephera kupulumutsa masewero atatu otsatizana, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo, ndipo Miguel Cabrera wa Detroit anamumenya home run kawiri pa masiku atatu. Chaka chonse analephera ka 7. Liwiro la mpira wake linali litatsika poyerekeza ndi zaka zake za unyamata, ndipo chimene chinkamusunga chinali luso loika mpira pamene akufuna. Mu Seputembala, timu ikulimbana kuti ilowe mumpikisano wotsiriza, mphunzitsi Joe Girardi anamugwiritsa ntchito mowirikiza, nthawi zina zigawo ziwiri, koma sinalowebe. Atamaliza masewero a pa 26 aja, timu inapita ku Houston kukasewera atatu omaliza, iye sanaponyenso. Ankalakalaka kwa nthawi yaitali kusewerako pakati pa bwalo ngati wowakha mipira ngakhale chigawo chimodzi, ndipo mwayi unaperekedwa, koma anaukana chifukwa cha bondo. Komanso mbiri ya ma save ochuluka kuposa onse anali ataitenga kale pa 19 Seputembala 2011, pamene save yake ya 602 inaposa 601 za Trevor Hoffman. Pa mfundo iyi yokha ndili mbali ya a WakuBronx: sanafulumire.

NaPhiri_Indiana
Palinso china chimene kulengeza msanga kunamupatsa. Popeza ankadziwa kuti mzinda uliwonse akupitako komaliza, anapempha kuti azikumana ndi anthu amene saoneka pa wailesi ya kanema: osamalira udzu wa pabwalo, ogulitsa matikiti, olondera pazipata, ochemerera okalamba, ndi mabanja amene anali pa mavuto a matenda kapena maliro. Ankakhala nawo m'chipinda masewero asanayambe, n'kumawathokoza ndi kumva nkhani zawo. Matimu nawo ankamupatsa mphatso, ndipo imene ine imandisangalatsa ndi ya Minnesota, mpando wogwedezeka wopangidwa ndi ndodo zothyoka. Pa masewero a All-Star a chaka chimenecho ku Citi Field, atatuluka m'chigawo cha 8, anzake onse anatsalira dala kunja kwa bwalo, iye n'kupezeka ali yekhayekha pa kachulu, matimu onse awiri ataimirira akuomba m'manja. Akanadikira kuti dzanja limukane kaye, zonsezi sizikanatheka.

Mphunzitsi_Wopuma
Tionjezere za nambala 42. Ligi yonse inaipumitsa mu 1997 polemekeza Jackie Robinson, munthu wakuda amene anathyola tsankho mu ligi yaikulu mu 1947, koma amene ankaivala kale analoledwa kupitiriza. Rivera ndiye anali womaliza, ndipo pa mwambo womulemekeza pa 22 Seputembala 2013, mkazi wa malemu Robinson, mayi Rachel, analipo. Kuyambira 2014 mphotho ya woponya wolowa m'malo wopambana mu American League imatchedwa dzina lake, pamene ya National League imatchedwa dzina la Hoffman.

Tsabola
Ine ndikanakonda akanasewera chaka china, kuti timupezenso kamodzi ku Fenway. Koma zakuti mavoti onse 425 anamuyenera, ndikusiyana ndi a Chiwerengero. Ngati ife adani ake sitikanamumana voti, mtolankhani akanamumana chifukwa chiyani?

Chiwerengero
Ine sindinasinthe maganizo pa za mavoti, a Tsabola. Woyamba anayenera kukhala wina kalekale.

Kambalame
Zikomo nonse chifukwa cha kuleza mtima. Za bondo ndi za Ogasiti uja sindinkazidziwa, ndipo zandifewetsa, ngakhale kuti ndikaonera kanema uja ndimalakalakabe akanabwerera. Ndipemphe chinthu chimodzi: ngati nditati ndionere masewero ake amodzi okha athunthu, ndionere ati?

WakuBronx
Onerani a pa 16 Okutobala 2003, masewero a 7 olimbana ndi Boston, opambana akupita ku World Series. A Tsabola andikhululukire. Yankees inali kumbuyo 5-2, n'kufananitsa m'chigawo cha 8 kwa Pedro Martínez. Rivera analowa m'chigawo cha 9 zigoli zili 5-5, pamene panalibe save yoti apeze, ndipo kulakwitsa kamodzi kokha kukanathetsa chaka. Anaponya cha 9, cha 10 ndi cha 11 osalola run. A Chiwerengero aonenso pamenepo zigawo zitatu zimene amazifuna zija. Kenaka Aaron Boone anamenya mpira woyamba wa Tim Wakefield n'kuutulutsa kunja. Pamenepo musayang'ane Boone. Yang'anani kumbali, muona osewera onse akuthamangira kunyumba kukamulandira, koma Rivera yekha akuthamangira ku kachulu, n'kudzigwetsa pamenepo chafufumimba akulira, mpaka anzake anabwera kudzamudzutsa n'kumunyamula pamapewa. Mukatero mubwererenso ku kanema wanu wa 2013 uja, ndipo musamutseke msanga. Masewero atatha, anthu akutuluka, anakhala kaye yekha pa benchi kwa kanthawi, kenaka anapitanso pa kachulu komweko, anapalasa dothi ndi nsapato, n'kuwerama kutapako dzanja limodzi kupita nalo kwawo.